Tsiku Limene Foni Inaika Mtengo pa Chitenge cha Amayi

Zikomo amayi a tcheya pondipatsa mpata. Anzanga, tayambani mwatsitsa mafoniwo. Inunso achemwali a duku lofiira kumbuyoko, ndakuonani, mwaibisa kuseri kwa chikwama. Sindikukana kuti ndine wokongola, koma lero mundimvere ndi makutu basi.

Ine ndine Misozi, kukomboni kwathu ku Chawama amanditcha Amake Taonga. Kwathu ndi ku Katete. Ku Lusaka ndinabwera ndili wamkulu kale, n'chifukwa chake lilime langa ndi lolemera, silithamanga ngati lanu. Muziseka, ndinazolowera. Ndaima pano chifukwa ambiri a inu mukugwira ntchito yomwe ndinkagwira ine, yogulitsa katundu kudzera m'mavidiyo. Ntchito imeneyo inatsala pang'ono kuwotchetsa amayi anga ondibereka, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu omwe ankadya nawo mbale imodzi.

Ndinkagulitsa salaula pamsika, zovala za kaunjika zija, malaya a ana ndi masiketi. Bizinesi yake mukuidziwa, lero udya, mawa ungopsa ndi dzuwa. Ndiye kunabwera apu ija ya pafoni, imene ambiri muli nayo m'manjamo. Kwa amene simunaione, imagwira ntchito chonchi. Ujambula vidiyo iliyonse, ngakhale ya mwana akuvina. Apuyo ili ndi maso ake. Imayang'ana chilichonse chomwe chaoneka m'vidiyomo n'kuchizindikira: iyi ndi nsapato ya mtundu wakuti, iyi ndi ketulo, iyi ndi wigi. Ikatero imaika kabokosi koyera kuzungulira chinthucho, pansi pake dzina ndi mtengo. Woonera akachisirira amangogunda kabokosiko ndi chala, sitolo ya m'tauni imutumizira katunduyo ndi wanjinga yamoto, ndipo iwe wojambula ulandira kangachepe kako osakhetsa thukuta. Nditangolawa kangachepeko, mabelo a salaula ndinayamba kuwaona ngati chilango.

Tsamba langa ndinalitcha Loza Ugule. Apa mumvetsere, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu ku Katete, kuloza ndi kusonyeza ndi chala. Zaufiti zija timati kulodza, muli ka d pakati. Koma inu a kuno ka d kameneko munakataya kalekale. Dzina mumati zina, dzuwa mumati zuba, kulodza mumati kuloza. Chala mumati kusonta. Ndiye ine ndikamati Loza Ugule ndinkatanthauza chala, koma inu munkamva mfiti. Mnzanga wina anandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti, "Iwe Misozi, zina iyi siili bwino, bantu bazayopa." Ine ndinaseka. Ndinaona kuti dzinalo likuchititsa anthu kuima n'kuyang'ana, ndipo pa foni munthu akaima ndiye kuti ndalama yayandikira.

Za m'nyumba mwanga zinatha msanga. Zipinda ziwiri, muli chiyani? Mbaula, mapoto ndi ka tivi kosalankhula bwino. Ndinayamba kulowa m'nyumba za anzanga. Ndinkapita ndi kamalaya ka mwana m'manja ngati mphatso, n'kunena kuti, "Mayi, mwakonza bwino pasitingi panu, lekani dziko lione." Ndani safuna kuyamikiridwa? Ankanditsegulira okha, ena mpaka kuchipinda chogona. Inali nthawi imene malaiti ankangopita tsiku lonse, ndiye katundu woyenda kwambiri anali masola, mabatire ndi mainvata, timakina tija tosunga moto malaiti akapita. Ndikangojambula nyumba yokhala ndi zimenezo, foni inkalira mpaka kutentha.

Pa nthawi imeneyo amayi anabwera kuchokera kumudzi. Anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ankangoona utsi. Kuchipatala anawachita opareshoni diso lakumanja, n'kunena kuti lakumanzere adzachita likapola loyambalo. Anawapatsa magalasi akuda, ndipo ankayenda ndi ndodo yawo yakumudzi, yakuda bii ndi manja. Tsiku lina ndikujambula kwa mayi wina wosoka zovala, amayi ananditsatira chifukwa chotopa kukhala okha. Diso latsopano lija linkawasangalatsa ngati mwana, chilichonse ankafuna kuchitchula. Anatukula ndodo n'kuloza mashini osokera, amvekere, "Ndaloza ichi!" Nthawi yomweyo kabokosi koyera kanatulukira pamashinipo, ngati kamvera mawu awo.

Vidiyo imeneyo inayenda kuposa onse amene ndinajambulapo. Anthu ankaseka mpaka kulemba kuti, "Ba mbuya baloza mashini, tabani!" Ine ndinadziwa chimene ankaseka. Amayi sanadziwe. Iwo ankaganiza kuti akuthandiza mwana wawo pa ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankavala chitenge chabwino n'kufunsa kuti, "Lero tikaloza kwa yani, mwananga?" Sindinawafotokozere kuti mawu awo akumveka bwanji m'makutu a anthu a m'tauni. Ndinawagulira chitenge china chatsopano, chamaluwa achikasu, kuti azioneka bwino. Nkhalamba ya magalasi akuda, ndodo m'mwamba, ikuti ndaloza. Ndinawasandutsa chidole anthu amene anandinyamula kumsana.

Kuchokera pamenepo ndinathamanga ngati minibasi yopanda mabuleki. Salaula ndinasiya. Kutchalitchi ndinkapita kukajambula nsapato za anthu. Pamaliro ndinkayang'ana zikwama za olira. Ndinayamba kukhala m'mabala masana, ati kufuna makasitomala, botolo lili patsogolo. Mwana wanga Taonga ndinamutumiza kwa mlamu wanga ku Mtendere chifukwa ankandisokoneza ndikamajambula. Munthu akamandilankhula sindinkaona nkhope yake, ndinkaona wotchi.

Kenako mashini a mayi wosoka uja anabedwa. Akuba anathyola chitseko, sanagwire china chilichonse, anangonyamula mashini okha. Tinati ndi tsoka. Patapita masiku, nyumba ina imene tinajambula inabedwa sola ndi batire. Kenako ina, tivi. Akubawo sankafufuza, sankatembenuza matiresi ngati akuba akale. Ankalowa ngati munthu wolowa m'sitolo akudziwa shelefu yake. Pakomboni anthu anayamba kutsitsa mawu tikamadutsa. Ana omwe ankathamangira amayi kudzawagwira dzanja anayamba kukokedwa ndi amayi awo kulowa m'nyumba.

Tsiku lina ndili pasiteshoni ya mabasi, bambo wina wovala bwino, wajekete lachikopa, anandiimirira pambali. Sindinamuonepo chiyambire. Anandimwetulira ngati m'bale.

"Ndimwe ba Loza Ugule, ai? Tikonda maningi nchito yanu, ba sisi."

Ndinathokoza, ndikuganiza kuti ndi kasitomala.

"Koma muzijambulako na kuchiseko," anatero. "Na mawindo. Vintu vioneka bwino ngati muntu aona nyumba yonse. Imwe muziloza chabe na ba mbuya, ise tizagula."

Anandigwira paphewa pang'onopang'ono, n'kukwera basi. Apa m'pomwe ndinamvetsa. Apuyo ili ndi malo ofufuzira. Ukalemba kuti invata, imakubweretsera vidiyo iliyonse imene muli invata. Ndipo ine m'vidiyo iliyonse ndinkayamba ndi kunena kuti lero tili kwa mayi akuti, kuseri kwa tchalitchi chakuti, geti lobiriwira. Akuba ndinkawapatsa katundu, mtengo wake ndi njira yomwe.

Anzanga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Sindinasiye. Ndinadziuza kuti ine sindinabe kanthu, sindinathyole chitseko cha munthu, akuba analipo ine ndisanabadwe. Ndinadziuza kuti ndijambulako kamodzi kokha, ndipeze yoyambira bizinesi ina. Mawu amenewo a kamodzi kokha ena a inu mwawalankhula m'mawa uno.

Kamodzi kokhako kanagwera kwa Bana Chanda. Ameneyu anali mnansi wanga wa khomo ndi khomo. Amayi atachitidwa opareshoni, ndi iye amene ankawaphikira phala ndi kuwathira mankhwala m'diso ine ndili kothamanga ndi foni. Ankawatcha ba mayo, ndiye kuti amayi. Mwamuna wake, Bashi Chanda, anali ndi kantemba, kashopu kometera tsitsi, kutsogolo kwa nyumba, ndipo anali atangogula invata ndi mabatire awiri akuluakulu kuti azimeta ngakhale malaiti apite. Bana Chanda anazengereza. Anati, "Amake Taonga, bantu bakamba vintu." Ndinamuyankha kuti ndi nsanje chabe, ndipo vidiyoyo ibweretsa makasitomala kwa amuna ake. Analola chifukwa cha chinansi. Amayi anatukula ndodo yawo, akumwetulira, n'kunena mawu awo aja.

Sabata isanathe akuba anabwera. Bashi Chanda anayesa kulimbana nawo, iwo anamumenya ndi chitsulo m'mutu. Kutacha anali kuchipatala, osalankhula, osazindikira mkazi wake.

M'mawa umenewo ndinamva kulira kuseri kwa khoma, ndipo ndinachita chinthu chamantha. Ndinavala msangamsanga n'kuuza amayi kuti ndikupita ku tauni kukaona mabelo. Kunalibe belo lililonse lomwe ndinkafuna. Ndinkathawa maso a anthu. Amayi ndinawasiya pakhomo akuwothera dzuwa, osawauza kuti asatuluke.

Zomwe zinachitika ine nditachoka ndinazimva pambuyo pake. Amayi anaona kuti m'nyumba mulibe madzi, anatenga kachigubu kakang'ono n'kupita kupompi. Kumeneko kunali azimayi ambiri, onse akukamba za Bashi Chanda. Atawaona, mmodzi anafunsa kuti, "Ba mbuya, tiuzeni zoona. Imwe na mwana wanu muchita chani mu manyumba yatu?"

Amayi anayankha mosabisa, ndi Chichewa chawo cha kumudzi, monyadira mwana wawo. "Timaloza, ana anga. Ine ndimaloza ndi ndodoyi, mwana wanga amagwira foni. Chimene ndaloza sichichedwa, anthu amabwera kudzatenga."

Iwo ankanena za ogula. Tangoganizani mmene zinamvekera papompi paja, m'mawa umenewo.

Ine ndinali nditakhala pabenchi kuseri kwa masitolo m'tauni, ndikungoseweretsa foni kuti ndisaganize. Apu inandidziwitsa kuti pali vidiyo yomwe ikuonetsedwa pompopompo kufupi ndi kwathu, ndipo anthu ambiri akuionera. Ndinatsegula.

Poyamba ndinangoona misana ya anthu ndi fumbi. Wojambulayo ankakankhana nawo kuti afike kutsogolo. Ndinazindikira khoma la pompi yathu, lija lolembedwa ndi penti yofiira. Phokoso linali lalikulu moti mawu sankamveka, koma liwu limodzi linkabwerabwera: mfwiti, mfwiti, avomela eka. Kenako misana inapatuka, ndinaona amayi.

Anali atakhala pansi m'matope a papompi, miyendo atatambasula ngati mmene amakhalira akamasankha nyemba. Duku linali litagwa, imvi zili poyera. Ndodo yawo inali m'manja mwa munthu wina. Sankalira, sankakuwa. Ankangotembenuza mutu uku ndi uku, kuyang'ana nkhope imodziimodzi ndi diso lawo latsopano lija.

Ndiye timabokosi tinayamba kutuluka.

Apu sidziwa maliro, sidziwa ukwati, imangogwira ntchito yake. Kabokosi koyamba kanazungulira magalasi akuda omwe anali pansi, galasi limodzi litasweka, n'kulemba dzina ndi mtengo. Kachiwiri kanagwira patapata wa amayi yemwe anavuka. Wojambula atatembenuka pang'ono, kabokosi kena kanazungulira tayala lagalimoto lomwe bambo wina ankaligubuduza kubwera nalo kutsogolo. Kanalemba saizi yake ndi sitolo yomwe lili lotchipa. Kena kanagwira chigubu chachikasu chomwe mnyamata wamkulu anachinyamula m'mwamba, ndipo ine ndinadziwa kuti mulibe madzi mmenemo. Kamera itabwerera kwa amayi, kabokosi kakakulu kanazungulira chitenge chawo chamaluwa achikasu, chomwe ndinawagulira ine. Pansi pake panalembedwa kuti anthu akugula chitenge ichi tsopano.

Anthu ankagula, anzanga. Kwinakwake munthu anakhala pampando, akuonera amayi anga ali m'matope tayala likubwera, n'kuona kuti chitengecho n'chokongola, n'kugunda ndi chala. Ndinafuna kumutukwana munthu ameneyo, koma ndinadziletsa, chifukwa ndi mmene inenso ndinkaonera anthu miyezi yonseyo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo, ndipo ndinadzida.

Sindikumbuka mmene ndinapezera wanjinga yamoto. Ndikukumbuka kuti ndinkamumenya kumsana kuti athamange, foni ili kudzanja linalo, ndikuyang'ana ngati tayala lafika. Ndinkapemphera mawu amodzi okha, Mulungu agwireni manja, agwireni manja. Titafika pamsewu wolowera kupompi njinga sikanatha kudutsa. Ndinatsika n'kuyamba kung'amba anthu ndi zigongono.

Nditatulukira pakati, tayala linali litagona pafupi ndi mapazi a amayi. Palibe anali atalimba mtima kuliveka, aliyense ankadikira mnzake. Miyala inali m'manja. Wina unali utawapeza kale pamwamba pa khutu, magazi akutsikira m'khosi. Ndinadzigwetsa pamwamba pawo n'kukuwa.

"Si amayi! Ndine! Amayi sadziwa kanthu!"

Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anayandikiranso. Bambo wa tayala uja anati, "Bavomela beka pamenso patu. Bakamba ati baloza."

"Kusonta!" ndinakuwa. "Akunena kusonta! Kwathu kusonta timati kuloza! Ndi chala, ndi ndodo, si mankhwala!"

Ena anaseka kuseka koipa. Ndinaona kuti mawu okha sandipulumutsa, chifukwa katundu anabedwadi ndipo munthu analidi kuchipatala. Anthu ankafuna kudziwa chimene chinalowetsa akuba m'nyumba zawo, ndipo yankho linali m'dzanja langa. Ndinayang'ana m'gulumo n'kuona Bana Chanda. Anali atangobwera kuchokera kuchipatala kudzatenga zovala za amuna ake, maso atatupa, ataima chete kumbali. Ndinayenda ndi maondo mpaka pamapazi ake.

Ndinamuuza zonse mokweza, kuti aliyense amve. Ndinati akuba salota, amaonera mavidiyo anga. Ndinalemba invata pamalo ofufuzira paja n'kumuonetsa, ndipo nyumba yake inatuluka, chitseko chake, ndi mawu anga ndikutchula njira. Ndinamuuza za bambo wajekete lachikopa ndi zomwe ananena. Ndinamuuzanso chovuta kwambiri, kuti bamboyo ndinakumana naye ndisanabwere kudzajambula kwake.

Bana Chanda anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa, "Unaziba?"

Ndinati, "Ndinadziwa."

Mbama yomwe anandipatsa ndinagwa nayo chammbali. Sindinaimve kuwawa, ndinaona ngati ndi yochepa. Atatero anadutsa pa ine, n'kupita pomwe panali amayi. Anatola duku m'matope, analikutumula, n'kuwamanga kumutu. Anatembenukira gulu lija n'kunena kuti, "Aba ni ba mayo. Nenze kubasambika menso na manja yanga. Wamene afuna kubagwila ayambe ine. Uyu mutwaleni ku polisi."

Tayala lija palibe analitolanso. Mkwiyo unatembenukira kwa ine, ndipo ndinalandira makofi ndi mateche mpaka galimoto ya apolisi inafika. Ndikukwezedwa, ndinaona amayi akuyenda pang'onopang'ono atagwira mkono wa Bana Chanda, opanda ndodo, phazi limodzi lopanda patapata.

Ndinagona m'selo masiku angapo, apolisi akufufuza ngati ndinali pamodzi ndi akubawo. Pansi pozizira, chidebe pakona, fungo loti sindingalifotokoze pano tisanadye. Foni anailanda. Chala changa chinkangogunda pabondo chokha, kufuna kutsegula chinthu chomwe palibe. M'menemo ndi momwe ndinapemphera pemphero loyamba lopanda kunamizira wina. Sindinanene kuti Satana anandinyenga. Ndinati Ambuye, ndinaona, ndinamva, ndinapitiriza.

Nditatuluka ndinapeza amayi kulibe. Achimwene anga anabwera kudzawatenga, anabwerera nawo ku Katete tsiku lotsatira lomwe. Tsiku lawo la opareshoni ya diso lachiwiri linadutsa iwo ali kumudzi.

Kubwerera kwanga sikunali kwa chozizwitsa, kunali kwa miyendo. Choyamba ndinauza apolisi chilichonse, nkhope ya bambo uja, jekete lake, basi yomwe anakwera, ndipo ndinawasiyira mavidiyo onse kuti aone nyumba zomwe zinali zisanabedwe. Atamaliza nawo, ndinawafufuta onse, ndi tsamba lomwe. Kenako ndinapempha mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu kuti andiperekeze, tinayenda khomo ndi khomo m'nyumba zonse zomwe ndinajambula. Ndinkagwada n'kunena zomwe ndinachita, n'kuwachenjeza kuti asunthe katundu wawo ndi kulimbitsa zitseko. Ena anandithira madzi otsukira mbale. Mayi wosoka uja anangonditsekera chitseko. Bambo wina anandipatsa mpando n'kunena kuti bola ndabwera. Mowa ndinasiya chifukwa ndinalibenso nkhope yokhalira m'bala, ndipo Taonga ndinakamutenga ku Mtendere. Anatenga nthawi kuti ayambenso kundiuza nkhani za kusukulu.

Bashi Chanda anatuluka m'chipatala. Amalankhula pang'onopang'ono, ndipo dzanja lakumanja siligwira makina ometera. Kantemba anabwereketsa kwa munthu wina. M'mawa uliwonse ndimatunga madzi n'kukasiya pakhomo pawo ndisanapite kumsika. Bana Chanda sanandiuzepo kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamufunse, si ngongole yake. Zigubu amazilandira, mawa lake ndimazipeza panja zopanda kanthu.

Ndinabwerera ku salaula. Ndipo musadabwe, mavidiyo ndimajambulabe, chifukwa mwana ayenera kudya ndipo apuyo payokha si mfiti. Koma ndimayala thumba loyera pansi, kukhoma lopanda windo, n'kuikapo katundu wanga yekha. M'nyumba ya munthu sindilowa ndi kamera, ngakhale andiitane. Sinditchula komwe ndili. Ndikamaliza kujambula ndimaonera kaye ndekha, kuwerenga kabokosi kalikonse, ndipo kakagwira chinthu chomwe sindikugulitsa, vidiyoyo siituluka. Munthu amene sakumvetsa kuti foni imafika kutali bwanji, kaya ndi nkhalamba kaya ndi mwana, sindimuika patsogolo pa kamera ngakhale aseketse bwanji. Zimabweretsa zochepa, koma ndimagona.

Mukafika kunyumba lero, chitani ichi. Tsegulani malo ofufuzira aja, lembani tivi kapena batire ndi dzina la komboni yanu. Muone nyumba zomwe zituluke. Ena mupeza ya amayi anu, yojambulidwa ndi inu. Mwa akuba aja apolisi anagwirako ena. Wajekete lachikopa sanapezeke, ndipo sindikukhulupirira kuti anataya foni yake. Mwina ndi mmodzi mwa omwe amakulemberani kuti mwachita bwino, ba sisi.

Za amayi ndiye zomwe ndikupempha kuti mundithandize kupemphera. Bala la pakhutu linapola. Diso lakumanzere latsekeka ndithu tsopano, ndipo adokotala anandiuza kuti likhoza kukonzekabe akabwera. Ndinawapezera tsiku lina. Ndinakonza kuti asafikire ku Chawama, akagone kwa mlamu wanga ku Mtendere, kuchoka pabasi kupita kuchipatala, kuchoka kuchipatala kubwerera pabasi. Sabata yatha ndinawaimbira pafoni ya achimwene kuwauza zimenezi. Sanandikalipire, sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa mbama ija.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa za Taonga, anafunsa za Bashi Chanda. Ndinati, "Amayi, nanga za diso?"

Kumbuyo kwawo kunkalira nkhuku.

"Mwananga," anatero, "ndikanakhala wosaona tsiku lija, bwenzi ndikuganiza kuti anali alendo. Koma munali mutandikonza diso. Ndinaona amene anagwira mwala, mmodzimmodzi. Ena ndinkawasungira ana akapita kumsika. Limodzi lomweli landionetsa zokwanira. Linalo lisiyeni ligone."